Chipinda Chachikulu Chinali cha Manyowa

Chithunzi cha mzinda wa Amsterdam chimene chimayendayenda pa mafoni athu sichisintha kwenikweni: ngalande ya madzi odekha, mlatho wodzaza njinga, nyumba zowonda zazitali, ndipo m'mphepete mwa madzimo chombo chakuda chili phee, miphika ya maluwa padenga, makatani m'mawindo. M'chombomo mumagona anthu. Ali ndi adiresi, amalandira makalata, amalipira madzi ndi magetsi ngati wina aliyense. Mumzinda umenewu mokha muli nyumba zoyandama pafupifupi 2,500, ndipo zakale kwambiri mwa izo zinayamba moyo wake ngati zombo za matanga zonyamula katundu, zaka zoposa 100 zapitazo.

Ine chimene chimandigwira mtima pa zombo zimenezi ndi kusinthana malo kumene kunachitika m'kati mwake. Pamene lero pali sofa, shelefu ya mabuku ndi bafa la madzi otentha, kale pankakhala manyowa, mchenga ndi njerwa. Banja la mwini chombo linkapanikizana m'kachipinda kakumbuyo, kamene lero ena amangosungiramo nsapato ndi zitini za penti. Chipinda chachikulu chinali cha katundu.

Ndisanapite patali: Adatchi amene ndikunena pano ndi a ku Netherlands kwenikweni, osati aja anayambitsa mishoni ku Mvera ndi ku Nkhoma. Iwo aja anachokera ku South Africa.

Dziko la Netherlands ndi lathyathyathya, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 a nthaka yake lili m'munsi kuposa nyanja. Kwa zaka mazanamazana misewu yake inali matope okhaokha nyengo yamvula ikafika. Wofuna kusamutsa katundu wolemera ankayang'ana kumadzi: mitsinje, nyanja zing'onozing'ono, ndi ngalande zokumba ndi manja zimene zinkafika pafupifupi m'mudzi uliwonse. Vuto linali lakuti madzi ambiriwo ndi osaya, milatho ndi yotsika, ndipo panjira pali zipata za madzi, zija chombo chimalowa pakati pa zitseko ziwiri n'kukwezedwa kapena kutsitsidwa ndi madziwo. Chombo chinkayenera kukwana m'zonsezi.

Yankho lawo lodziwika kwambiri ndi chombo chotchedwa tjalk. Pansi pake ndi pafulati ngati thebulo, kutsogolo ndi kumbuyo n'kozungulira, ndipo mukachiyang'ana bwino ndi bokosi lalitali limene angolisalaza m'makona. Chimanyamula zambiri koma sichimira kwambiri m'madzi. Kunyanja ya Wadden, kumene madzi amaphwa ndi kubwerera tsiku lililonse, chimangokhala pamatope chili chilili mpaka madzi abwerere, osapendekeka. Mlongoti wake umagonekedwa chikafika pa mlatho, n'kudzutsidwanso chikadutsa.

Koma chombo chafulati chili ndi khalidwe loipa: mphepo ikawomba cham'mbali, m'malo mopita kutsogolo chimatsetsereka ngati nkhanu. Zombo za panyanja zazikulu zimathana ndi zimenezi pokhala ndi msana wautali pansi, umene umagwira madzi. M'ngalande yosaya msana wotero ungakokere m'matope. Ndiye Adatchi anaupachika m'mbali. Mbali iliyonse ya chombo ili ndi thabwa lalikulu looneka ngati phiko, limene iwo amalitcha zwaard, kutanthauza lupanga. Woyendetsa amatsitsira m'madzi thabwa la mbali imene mphepo ikukankhira chombo, ndipo limagwira madzi kuti chisatsetsereke. Akatembenuka, amakweza ili n'kutsitsa linalo. Mukaona chombo chakale chili ndi mapiko awiri amatabwa m'nthiti, dziwani kuti si zokongoletsa.

Mitundu yake inali yambiri, chigawo chilichonse ndi kapangidwe kake. Ku Friesland, kumpoto, kunali skûtsje, kang'ono kake ka tjalk, kotalika mamita 12 mpaka 20, m'lifupi osapitirira mamita 4 chifukwa milatho ndi zipata za kumeneko zinali zopapatiza. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kunabwera klipper, ya mphuno yosongoka ndi yothamanga. Pa nthawi yomweyo amisiri anasiya matabwa n'kuyamba kumanga ndi chitsulo. Kuwotcherera kunali kusanafale, choncho ankalumikiza mapepala achitsulo ndi misomali yonenepa yotenthetsa pamoto mpaka kufiira: wina akulowetsa pabowo, wina akugwira kumbuyo, wina akumenya mutu wake ndi hamala. Ikazizira inkafupika n'kumanga zitsulozo zolimba. Timitu tambirimbiri tozungulira timene mumaona pa thupi la chombo chakale, kalikonse kanamenyedwa ndi dzanja la munthu. M'mphepete mwa ngalande ya Winschoterdiep ku Groningen, kumene kunali malo ambiri omangira zombo, ngalandeyo inali yopapatiza kotero kuti chombo chatsopano ankachigwetsera m'madzi cham'mbali.

Nanga zinkanyamula chiyani? Apa ndi pamene nkhani imandikomera.

Katundu wamkulu anali turf. M'madambo ena zomera zikafa siziwola bwinobwino. Zimangounjikana pansi pa madzi kwa zaka zikwizikwi mpaka kusanduka nthaka yakuda yofewa. Mukaidula ngati njerwa n'kuiumika padzuwa, imayaka. M'dziko la mitengo yochepa, imeneyi ndiyo inali nkhuni ndi makala omwe. Inkaphika chakudya, kuotcha njerwa, kufulula mowa, kuphika buledi. Chuma chimene chinamanga nyumba zokongola za Amsterdam m'zaka za m'ma 1600 chinkafunda ndi moto wa nthaka imeneyi. Kum'mawa kwa Groningen anthu anakumba ngalande zolowera m'madambo, ndipo midzi monga Veendam, Hoogezand, Pekela ndi Stadskanaal inamera motsatira ngalandezo, yaitali ngati chingwe. Mu 1883 Vincent van Gogh, asanatchuke, anakhala miyezi ingapo ku Drenthe, ndipo anajambula chombo cha turf ndi anthu awiri akugwira ntchito yopakira. Chithunzicho chili ku Drents Museum, mumzinda wa Assen. Mulibe maluwa m'menemo. Muli mdima, matope ndi misana yowerama.

Chombo sichibwerera chopanda kanthu, apo ayi mwini wake agona ndi njala. Pochokera mumzinda wa Groningen zombozo zinkasenza zinyalala za m'misewu ndi zonyansa za m'zimbudzi, kukathira pa nthaka yamchenga imene inkatsala turf ikachotsedwa, kuti alimi adzalepo mbatatesi. Kenako mbatatesiyo inkakweranso zombo zomwezo. Ku Friesland kunali katundu wina wodabwitsa. Makolo awo akale, madamu otchinga nyanja asanamangidwe, ankaunjika zitunda zazikulu za dothi ndi ndowe n'kumangapo midzi kuti madzi osefukira asawapeze. Zitunda zimenezi amazitcha terp. M'zaka za m'ma 1800 anthu anazindikira kuti dothi lake ndi lachonde kwabasi, ndiye anayamba kuzikumba n'kumagulitsa. Ma skûtsje ananyamula zitunda za makolo fosholo ndi fosholo, kupita nazo kuminda ya ena. Ku Hegebeintum, kumene kuli chitunda chachitali kuposa zonse, cha mamita pafupifupi 9, chatsala kwenikweni ndi chigawo chimene pali tchalitchi ndi manda.

Tsopano tilowe kumbuyo, m'kachipinda kotchedwa roef. Mpata uliwonse woperekedwa kwa anthu unali mpata wolandidwa kwa katundu, ndipo katundu ndiye ankabweretsa ndalama. Choncho bambo, mayi ndi ana onse ankakhala m'kamalo kamene m'zombo zing'onozing'ono munthu wamkulu sankatha kuimirira mowongoka. Munali kambaula, katebulo, ndi mabedi okhala ngati makabati a m'khoma. Ana aang'ono akamasewera pamwamba ankawamanga chingwe m'chiuno kuti asagwere m'madzi. Banja ndilo linali antchito. Kulemba munthu waganyu kunali kudya phindu.

Mphepo ikaleka, kapena ikamawomba kuchokera kutsogolo m'ngalande yopapatiza, katundu sankadikira. M'mphepete mwa ngalande munali kanjira, ndipo kunali anthu obwereketsa mahatchi okoka zombo. Koma hatchi imafuna ndalama. Ndalama ikasowa, mayi ndi ana okulirapo ankatsika, n'kuvala lamba wotambalala pachifuwa, womangirira ku chingwe chachitali, n'kuyamba kukoka. Bambo ankatsala m'chombo, akuwongolera kapena kukankha ndi mtengo wautali wofika pansi pa madzi. Zithunzi zakale zilipo: mayi wovala siketi yaitali, thupi lonse litapendekera kutsogolo ngati ng'ombe pagoli, kumbuyo kwake matani makumimakumi a manyowa akuyandama pang'onopang'ono. Abale, nthawi iliyonse wina akamanena kuti moyo wa pamadzi unali waufulu, ine ndimafuna ndimufunse kuti ufulu wa ndani, wa amene ali pachiwongolero kapena wa amene ali palamba?

Sukulu nayo inali nkhani ina. Lamulo lokakamiza ana kupita kusukulu linayamba kugwira ntchito mu 1901, koma ana a mabanja opanda malo okhazikika silinawagwire. Mwana wa m'chombo ankalowa kalasi masiku ochepa pamene chombo chikudikira katundu, n'kuchokanso. Patapita nthawi kunabwera nyumba zogonera ana oterowo kumtunda, kumene ankaphunzira kutali ndi makolo awo.

Kugwa kwa zombo za matanga sikunachedwe. M'zaka za m'ma 1920 kunafala zombo za injini zotchedwa luxe motor, ndipo dzinalo linabwera chifukwa kachipinda ka banja kanali kokulirapo ndi kowala. Tangoganizani, mawindo ndi malo oimirira zinali zokwanira kutchedwa zapamwamba. Makampani monga Kromhout wa ku Amsterdam ndi Brons wa ku Appingedam ankapanga mainjini. Amene analibe ndalama ya chombo chatsopano ankagula kabwato kakang'ono ka injini kokankha kumbuyo, kapena kumangirira chopalasira cha injini m'mbali mwa chombo, chimene anachipatsa dzina lachipongwe lotanthauza mkono wopuwala. Kumtunda malole ndi sitima zapamtunda zinali kulanda katundu. Malasha anali atalowa kale m'malo mwa turf. Mu 1932 damu la Afsluitdijk, lotalika makilomita 32, linatseka nyanja ya Zuiderzee n'kuisandutsa IJsselmeer. Mavuto a zachuma a zaka zimenezo anafinya eni zombo kotero kuti mu 1933 boma linakhazikitsa lamulo loti katundu azigawidwa pamzere, aliyense kudikira nthawi yake, kuti asaphane ndi kutsitsirana mitengo. Nkhondo yachiwiri itatha zombo zinapitiriza kukula, ndipo gasi atapezeka ku Slochteren mu 1959, ngakhale malasha a m'nyumba anayamba kutha ntchito. Pambuyo pake boma linafika polipira eni ake kuti aphwanyitse zombo zing'onozing'ono zakale.

Zikanathera pamenepo, lero tikanangoziona m'mabuku. Chinazipulumutsa ndi umphawi wa anthu ena.

Nkhondo inasiya dzikolo lili ndi njala ya nyumba, mpaka kusowa kwa nyumba kunkatchedwa mdani woyamba wa mtundu wonse. Achinyamata ankakwatirana n'kumakhalabe m'chipinda chimodzi kwa makolo kwa zaka. Pamene paja m'madooko munali zombo zachitsulo zongokhala, zogulitsidwa pa mtengo wa zitsulo zakutha. Munthu ankagula, n'kuchikokera pa ngalande ya mumzinda, n'kudula mlongoti, n'kutaya mapiko aja, n'kukhoma bokosi la matabwa pamwamba pa chipinda cha katundu kuti mutu usagunde denga. Basi, nyumba yapezeka. Sunali ulemu ayi. Kuyambira 1918 dzikolo linali ndi lamulo limodzi loyang'anira okhala m'zombo pamodzi ndi okhala m'ngolo zoyendayenda, ndipo anthu a m'nyumba za njerwa ankawaona onsewo ngati okayikitsa. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 kunawonjezekera ophunzira a m'mayunivesite, ojambula ndi achinyamata okana moyo wa makolo awo, amene ankafuna malo otchipa pakati pa tauni.

Okonda zombo zakale ena amalankhula za nyengo imeneyi mokwinya nkhope, ngati nthawi imene zombo zinanyozedwa. Ine sindigwirizana nawo. Inde, mabokosi aja anali onyansa. Koma chombo chimene muli munthu chimapopedwa madzi chikayamba kudontha, chimapakidwa phula, chimayatsidwa moto nyengo yozizira. Chopanda munthu chimamira kapena kupita kwa odula zitsulo. Ma skûtsje angapo amene lero amathamanga pa mipikisano anawapeza ali nyumba za anthu, makatani ali m'mawindo.

Mipikisano ndiyo inayamba kubwezera ulemu. Ku Friesland eni zombo ankapikisana kuyambira kale pa masiku opanda katundu, pofuna kandalama ka mphotho. Mu 1945 anakhazikitsa bungwe la SKS kuti mwambowo usafe, ndipo mpaka pano ma skûtsje 14 amapikisana chilimwe chilichonse, kuyambira ku Grou n'kukathera ku Sneek. Mu 1981 kunabadwa bungwe lachiwiri, IFKS, lotsegukira ambiri. Mu 1974 kunakhazikitsidwa bungwe la dziko lonse losunga zombo zakale zantchito, limene lero limadziwika ndi zilembo za LVBHB. Ma klipper ndi ma tjalk akuluakulu anabwezeredwa milongoti n'kuyamba kunyamula alendo ndi ana asukulu kuchokera m'madooko a Harlingen ndi Enkhuizen. Gulu limeneli amalitcha bruine vloot, zombo zofiirira, pokumbukira matanga akale amene ankanyikidwa m'madzi a makungwa kuti asawole.

Koma kukonza chombo cha zaka 100 kuti chikhale nyumba yabwino, osataya nkhope yake, ndi ntchito yodya munthu ndi thumba lomwe. Choyamba amachitulutsa m'madzi. Chitsulo cha thupi lake ndi chopyapyala kuposa foni imene mwagwirayo, ndipo chimenecho ndicho chili pakati pa bedi lanu ndi ngalande. Katswiri amayenda ndi hamala ndi kachipangizo koyeza kunenepa kwa chitsulo pogwiritsa ntchito mafunde a phokoso, n'kumalemba manambala ndi choko pa thupi lonse. Popanda lipoti lake a inshuwalansi sakulandirani. Chodabwitsa n'chakuti nthawi zambiri dzimbiri loopsa limachokera m'kati. Anthu akamapuma, kuphika ndi kusamba, nthunzi imagunda chitsulo chozizira n'kusanduka madzi, madziwo n'kutsikira pansi pa matabwa opondapo, kumene palibe amene amayang'ana. Ena akale ankathira konkire pansi kuti atseke modontha, ndipo dzimbiri limadya mwakachetechete kuseri kwa konkireyo.

Pamene chitsulo chapyapyala pali njira ziwiri: kudula n'kuikapo chatsopano, kapena kuphimba ndi pepala lina lachitsulo pamwamba pake, ngati chigamba pa thalauza. Chigamba n'chotchipa, koma chimabisa timitu ta misomali tija, ndipo madzi akalowa pakati pa zitsulo ziwirizo mavuto ayambiranso. Chitsulo cha zombo zakale kwambiri chili ndi zotsalira za m'ng'anjo m'kati mwake, choncho chimavuta kuwotcherera. Kutentha kukachuluka misomali yoyandikana imamasuka n'kuyamba kudontha. Zikatha izi amapaka utoto woteteza, n'kumangirira tizidutswa ta chitsulo china chofewa timene timadyeka m'malo mwa thupi la chombo. Ndipo pakapita zaka zingapo, chombo chituluke m'madzi kachiwiri. Nyumba ya njerwa simuinyamula kuti muone pansi pake. Iyi mumatero moyo wanu wonse.

Pali kanthu kena kamene kamandiseketsa. Chombo chinamangidwa kuti chizisenza matani ambirimbiri. Banja lamakono, ndi firiji yake, mabuku ake ndi makina ochapira, silifika ngakhale pang'ono pa kulemera kwa manyowa. Chombo chimayandama pamwamba kwambiri, mphepo n'kumachiseweretsa, chopalasira cha injini n'kumalephera kugwira madzi bwino. Ndiye mwini nyumba amagula zitsulo kapena miyala yolemera n'kuyala pansi, kulipira ndalama kuti abwezeremo kulemera kumene agogo aja ankalipidwa ponyamula.

Kenako pamabwera mkangano wa mawindo. Chipinda cha katundu chinalibe mawindo. Chinkaphimbidwa ndi matabwa ochotseka. Wofuna kuwala amalakalaka kuboola mawindo aakulu m'nthiti. Wosunga mbiri amati ayi, siyani thupi momwe lilili, ikani magalasi padenga pakati pa matabwa ophimbira aja, kuti woona ali kumtunda aziona chombo cha katundu. Ku Netherlands kuli kaundula wa zombo zakale, Register Varend Erfgoed Nederland, ndipo mmene chombo chasungira maonekedwe ake zimawerengedwa pochilemba. M'madooko ena a zombo zakale, malo oimikapo amapatsidwa kwa zombo zooneka monga zinalili.

Monga zinalili liti? Funso limeneli ndi lovuta kuposa mmene limamvekera. Kuyambira 1899 boma linkayeza zombo za m'mitsinje n'kulemba m'mabuku kutalika, kukula, malo omangira ndi mayina a eni ake, ndipo okonza zombo amafufuza m'mabuku amenewa. Zimene amapeza n'zakuti chombo chimodzi chinasintha kangapo: chinadulidwa pakati n'kutalikitsidwa, chinaikidwa injini, chinasinthidwa dzina pamene chinagulitsidwa. Ambiri amasankha kuchibwezera ku chaka chimene chinali ndi matanga, chifukwa ndi pamene chinkaoneka bwino. Zaka 40 zimene chinali nyumba ya banja losauka, ndi bokosi lake la matabwa, zimachotsedwa ndi chopukusira zitsulo n'kutayidwa kudzala. Kwa ine zaka zimenezo ndi mbiri ya chombocho mofanana ndi zaka za matanga, mwinanso kuposa, poti n'zimene zinachifikitsa kuno.

Lero zinthu zatembenuka. Amsterdam sikuwonjezera malo oimikapo nyumba zoyandama m'ngalande zake zakale, zimene UNESCO inaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2010. Choncho chodula kwenikweni ndi malowo, osati chombo. Nyumbazi zinalumikizidwa ku mapaipi a zonyansa a mumzinda, zili ndi intaneti ndi zotenthetsera, ndipo mdzukulu wa mayi uja wa palamba, ngati ndi wantchito wamba, sangakwanitse kugula chombo chimene agogo ake ankakoka. Ena amene ali ndi malo amachotsa chombo chakale n'kuikapo ark, nyumba yamakona yokhala pa bokosi la konkire loyandama, imene sichita dzimbiri. Zombo zambiri zinagulidwa ndi anthu a ku France ndi ku Britain. Amene muli ku London, mukayenda m'mphepete mwa Thames kumunsi kwa Tower Bridge mudzaziona. Angerezi anazikonda mpaka amamanga zatsopano zotengera maonekedwe ake, zimene sizinanyamulepo ngakhale thumba limodzi la mchenga.

Wofuna kuona m'kati, pa ngalande ya Prinsengracht pali Hendrika Maria, chombo cha 1914 chimene chinkanyamula mchenga ndi miyala mpaka m'zaka za m'ma 1960, kenako chinakhala nyumba, ndipo tsopano ndi malo oonetsera alendo moyo wa m'chombo. Mumalowera chakumbuyo, kumene kuli timabedi ta m'khoma ta banja la woyendetsa, musanafike pa balaza lalikulu pamene panali mchenga.

Lamba uja nayenso sanatayidwe. Mu 1974 Reid de Jong wa ku Workum anayambitsa mpikisano wotchedwa Strontrace, kutanthauza mpikisano wa ndowe, pokumbukira ulendo wakale wopititsa manyowa a ng'ombe za ku Friesland ku minda ya maluwa ya kum'mwera. Mwezi wa October uliwonse ma tjalk ndi zombo zina zakale zimanyamuka ku Workum kupita ku Warmond ndi kubwerera, usana ndi usiku, zitasenza matumba a manyowa ouma. Injini ndi yoletsedwa. Mphepo ikaleka pakati pa ngalande, anthu amene atenga tchuthi kuntchito kuti adzachite nawo zimenezi amatsikira kumtunda, n'kuvala lamba pachifuwa, n'kuyamba kukoka.